Miyendo ya Chitseko

Amene anamudziwa Chitseko atakula kale sangakhulupirire kuti munthuyu anabadwa wochepa ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Mayi ake ankasimba okha kuti anamwino atamugoneka pa sikelo, muvi wa sikeloyo unangogwedezeka pang'ono, mwaulemu chabe. Anakula choncho, kamwana kopyapyala ngati mpini wa tsache, koti mphepo ikalimba azilongo ake ankakagwira malaya kuti kasapite.

Sukulu anailekera m'kalasi yachisanu. Mukamufunsa lero amati unali umphawi, koma limenelo ndi bodza la munthu wamkulu. Chinachitika n'chakuti tsiku lina mphunzitsi wa masamu, bambo wosowa chochita, anamuitanira kutsogolo n'kumuimika pa benchi. Kenako analoza ndi rula timiyendo tiwiri totuluka m'kabudula n'kufunsa kalasi yonse kuti, "Iyi ndi nambala yanji?" Ana onse anayankha pamodzi ngati kwaya: "Leveni, aphunzitsi." Chaka chimenecho mwanayo anasiya zinthu ziwiri, sukulu ndi kabudula. Kuyambira pamenepo palibe munthu wamoyo anaonanso maondo ake, kupatula mkazi wake, ndipo nayenso anadikira mpaka ukwati utadalitsidwa.

Ntchito imene anaipeza inali yomata matayala pa kagalaja ka m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pamene malole amaima kuti madalaivala adye ndi kunamizana. Masiku amenewo kunalibe makina ochotsera tayala. Zida zinali hamala yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri, zitsulo ziwiri zokanulira, ndi pampu ya manja. Tayala la lole silichoka pa chitsulo chake ndi mapemphero. Umalimenya mozungulira mpaka litavomera, n'kulikanula, n'kusolola chubu, n'kuchiviika m'bafa la madzi akuda kuti uone pamene pakutuluka thovu. Ukamata, umapopa ndi manja mpaka maso atafiira.

Patatha zaka zitatu malaya anayamba kumung'ambikira m'mapewa. Patatha zisanu, atsikana a pa lesitilanti ya madalaivala anayamba kumuwonjezera nyama m'mbale asanapemphe. Apa m'pamene anazindikira kuti thupi lili ngati munda, ukalilima limabereka. Anatola madiramu awiri a mabuleki, n'kuwalowetsa uku ndi uku kwa chitsulo chachitali cha lole yakufa, n'kuyamba kunyamula madzulo aliwonse akaweruka. Anathira simenti m'zitini za penti. Chifuwa chinatambasuka, khosi linasowa, mikono inakana kugona m'mbali mwa thupi n'kumayenda patali ngati munthu wapanira mavwende awiri m'khwapa.

Dzina analipeza tsiku lina ataima pakhomo la lesitilanti ija akufuna madzi akumwa. Mayi wophika anakalipa ali mkati, osatembenuka: "Watseka chitseko ndani? Mwadetsa muno." Madalaivala analinyamula dzinalo n'kulimwaza msewu wonse.

Mkazi wake ndi telala. Anadziwana chifukwa cha malaya omwewo. Sabata iliyonse ankabwera nawo atang'ambika pamalo amodzimodzi, ndipo mayiyo atatopa kuika zigamba pamwamba pa zigamba anaona kuti chapafupi n'kungokwatiwa naye, azimusokera a saizi yake. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene amasunga mapini pakamwa, ndipo mawu ake akatuluka amabaya chimodzimodzi. Anabereka ana aakazi atatu. Onse anatengera miyendo ya mayi awo, chinthu chimene Chitseko amathokoza nacho Mulungu chamumtima.

Mwini galaja atamwalira, Chitseko anatsala ndi ntchitoyo, ndipo kuseri kwake anamanga kashedi ka malata n'kukatcha jimu, malo olimbitsira thupi. Ikakwana 5 koloko madzulo ankabwera amuna a ndevu zawo: wometa wa pa siteji ya mabasi, wabutchala, mlonda wa pa sitolo ya zitsulo, ndi ena asanu ndi mmodzi. Ankamutcha Kochi. Kunyumba anali bambo wotumidwa kukagula ulusi. Pamsewu anali womata matayala wonunkha guluu. Koma m'kashedi muja akangotsokomola, amuna ankasiya kulankhula.

Galasi la m'jimumo anapereka ndi wometa. Linali theka la galasi losweka, ndipo analipachika pa msomali umene unalipo kale, cham'mwamba. Ukaima patsogolo pake unkadziona kuyambira pamchombo kupita kumutu, basi. Palibe anadandaula. Lolemba ankalimbitsa chifuwa, Lachiwiri mikono, Lachitatu mapewa ndi msana, Lachinayi chifuwa kachiwiri poopa kuti chingaiwale, Lachisanu mikono chifukwa kumapeto kwa sabata anthu amavala malaya a manja aafupi. Munthu watsopano akafunsa za miyendo, Kochi ankamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Wabwera bwanji kuno?"

"Wapansi, Kochi."

"Ndiye miyendo wailimbitsa kale. Gona pa benchi."

Lamulo linali limodzi: m'jimu muno kabudula ayi. Ankati n'chifukwa cha ulemu, pamadutsa azimayi opita kumsika. Azimayiwo sanafunsidwepo maganizo awo. Zaka 20 zinatha choncho.

Mipikisano ya amuna adzitho inkachitikira kutali, ku mzinda waukulu, ndipo chaka chilichonse anthu akamufunsa chifukwa chimene sapitirako, Chitseko anali ndi yankho lokonzeratu: "Ine bambo wa ana atatu ndikavule pagulu n'kudzola mafuta ngati nkhuku yowotcha? Zimenezo n'za ana." Anthu ankagwedeza mitu n'kumati, koma mkuluyu akanapita, chikho chikanabwera chokha chikuyenda. Mbiri yotereyi ndi yokoma kwambiri, chifukwa palibe amaiika pa sikelo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimene anakwanitsa zaka 48, okonza mpikisano anaganiza zoubweretsa ku holo ya m'tauni mwawo momwemo, mtunda woti ungayende tiyi asanazizire. Anaikanso gawo la madala, la amuna opitirira zaka 45. Wometa sanafunse munthu. Anakalembetsa dzina la Kochi, ndipo pofika madzulo chipepala cha mpikisanowo chinali chitamatidwa pa malata a jimu.

"Nanga iweyo bwanji sunalembetse?" anafunsa Chitseko.

"Ine Loweruka ndiye tsiku la makasitomala, Kochi."

Wabutchala anati bondo limamuvuta. Mlonda anati mpingo wake suloleza mafuta onunkhira. Onse anagwirizana chimodzi: Kochi akawaimirire, tauni yonse ikaone chimene chimaphikidwa m'kashedi muno.

Chitseko anaona kuti zamuthina. Akakana, amuna aja adzati Kochi ndi wamantha. Akavomera, adzaona zimene thalauza lakhala likubisa zaka zonsezi. Konsekonse mapeto ake anali amodzi: 5 koloko idzakwana, kashedi kadzakhala pululu, popanda womutcha Kochi, iye n'kutsala ndi guluu ndi bafa la madzi akuda. Chimenecho ndiye chinkamudya mumtima. Za chikho analibe nazo ntchito.

Pepala la malamulo anamuwerengera ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wakeyo, dalaivala wa kagalimoto konyamula mchenga ndi mipando, munthu amene anabadwira kuseka anzake. Anakhala pa mpando wa makasitomala m'chipinda chosokera, n'kumawerenga mokweza ngati mlaliki.

"Akuti opikisana onse avale kakabudula kamkati kokha, ka mtundu umodzi, kosapitirira zala zitatu m'mbalimu. Zala zitatu, alamu. Zanga izi, osati zanuzo."

"Werenganinso bwino. Palibe pamene alemba za thalauza la masewero?"

"Alembapo. Akuti wobwera ndi thalauza akhale pa mpando aziwomba m'manja."

Mkazi wake anathamangitsa mlongo wakeyo, n'kukoka katani, n'kuchotsa tepi yoyezera m'khosi.

"Vulani."

"Mayi, simungangosoka mongoyerekeza?"

"Ndikasoka mongoyerekeza kadzakuvukani pa nsanja, ndiye anthu adzaiwala n'za miyendo zomwe. Vulani."

Anayamba ndi mkono, pofuna kumusangalatsa kaye: mainchesi 19. Chifuwa: 50. Kenako anagwada. Ntchafu: 18. Anayezanso kachiwiri poganiza kuti tepi yapindika. Sinapindike.

"Bambo, mkono wanu ndi waukulu kuposa ntchafu yanu," anatero, mapini ali pakamwa. "Mukanakhala tebulo, kalipentala wake akanamangidwa."

"Simungasoke kotalikirapo, kofika m'maondo? Tidzati nsalu inachuluka."

"Lamulo mwalimva."

"Nanga kuikamo thonje?"

"Ndiliike pati? Pa khungu?" Mayiyo analavulira mapini m'dzanja, chizindikiro choti zimene zikubwera n'zenizeni. "Zaka 22 ndakhala ndikugona pafupi ndi timiyendo timeneti. Timazizira ngati mipope ya madzi, koma simunamve kuti ndakadandaula kwa munthu. Ndi timeneti munandinyamula n'kuthamanga nane kuchipatala mwana woyamba akubwera, ndipo sitinathyoke. Muli ndi milungu isanu ndi umodzi. Kayambeni lero kunyamula ndi miyendo, pang'onopang'ono, zisintheko ndi inchi imodzi yokha."

Malangizo anali abwino, n'chifukwa chake sanawatsate. Kunjuta ndi chitsulo pamaso pa amuna aja kukanakhala kuvomera kuti zaka 20 wakhala akuwaphunzitsa theka la ntchito. M'malo mwake anawonjezera chifuwa, poganiza kuti kumtunda kukakula mokwanira, maso a anthu adzatopera komweko osafika kumunsi. Nthawi yotsalayo ankaithera kufunafuna chifukwa. Anapempherera mvula yosasula denga la holo. Ankaimbira foni amalume ake odwaladwala kawiri pa sabata kufunsa mmene akupezera, mpaka nkhalambayo inadabwa ndi chikondi chadzidzidzichi n'kuchira.

Nzeru inamufikira Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri, akupopa tayala la thirakitala. Anaima n'kumaliyang'ana likufufuma. Aliyense wonyamula zitsulo amadziwa kuti mkono ukaugwiritsa ntchito kwambiri umatupa nthawi yomweyo, mitsempha n'kutuluka. Nanga mwendo si nyama yomweyo? Ndipo iye, katswiri wa mpweya, ankadziwa bwino kuti tayala lopanda bowo ukalipopa Lachinayi, Loweruka limakhala likadali gwa. Miyendo yake inalibe bowo. Inkangosowa wopopa.

Masana anatseka galaja n'kupachika chikatoni cholembedwa kuti wapita kukagula guluu. Analowa m'kashedi n'kutchinga pakhomo ndi lata. Anasenza chitsulo cha madiramu pamapewa, n'kunjuta, n'kudzuka, n'kunjuta. Poyamba maondo analira ngati kabati yakale. Atafika pa 100 anagwira ntchafu n'kupeza yalimba, yatentha, yatupadi. Anaseka yekha. Zaka zonsezi kuvutika ndi manyazi, chikhalirecho ndi ntchito ya masana amodzi. Anapitiriza mpaka 300. Kenako anaima pa njerwa, tayala la lole lili m'khosi, n'kumanyamuka ndi zala za kumapazi mpaka kuwerenga kunamusokonekera. Madzulo amenewo anaphunzitsa chifuwa ngati masiku onse, ali wosangalala, ndipo popita kunyumba anangodabwa pang'ono kuti msewu ukufewa ngati matiresi.

Lachisanu anadzuka ndi miyendo ya munthu wina. Ankayenda ngati wavala thalauza la malata. Anauza mkazi wake kuti asadandaule, ndi mpweya ukukhazikika. Mayiyo anangotenga tepi n'kuyezanso. Inali 18 yomweyo.

Loweruka m'mawa nyumba yonse inamva kubuula kuchokera kuchimbudzi. Amene sanayesepo sadziwa kuti ululu wa miyendo sufika wonse tsiku lotsatira. Umadikira tsiku lachiwiri, ngati mlendo wodziwa tsiku limene mwagula nyama. Kukhala pansi anakhala, mothandizidwa ndi makoma awiri. Kudzuka ndiye kunafuna mkazi wake ndi chingwe choyanikira zovala.

"Ndikawauze okonza mpikisano kuti mwadwala," anatero mayiyo akupinda chingwe. "Lero lokha simukhala mukunama."

Chitseko anatsamira khoma n'kuganiza. Chifukwa chimene anachipempha milungu isanu ndi umodzi chinali chitafika, chenicheni, choti dokotala angachisainire. Koma chinafika mochedwa.

"Angandikhulupirire ndani? Dzulo andiona ndikumata matayala. Adzati Kochi wathawa m'mawa wa tsiku lake. Kaitaneni alamu abwere ndi galimoto."

Kutsogolo kwa galimoto sanathe kukhalako, poti maondo anakana kupinda. Anamukweza kumbuyo ngati kabati, ndipo anayenda choimirira atagwira chitsulo. Anthu m'misewu anaganiza kuti ndi chionetsero. Anayamba kuimba miluzu, ena kuthamangira galimotoyo. Mlamu ataona zimenezi anazungulira msika kawiri akuliza hutala, n'kusankha msewu wa maenje.

"Alamu, pang'onopang'ono," anabuula Chitseko akumenya denga la galimoto.

"Gwirani zolimba, alamu. Anthu anu akufuna akuoneni."

Kuseri kwa nsanja kunkanunkha mafuta ndi mantha. M'gawo la madala munali anthu anayi: iye, msilikali wopuma ntchito, wophika buledi wina wa ntchafu ngati matumba a ufa, ndi mphunzitsi wa masewero amene mimba inkamutsogolera kulikonse. Mkazi wake anamudzoza mafuta kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Atafika kumunsi anati, "Kuno tisawononge, supuni imodzi ikwana." Kenako anamukulunga thaulo m'chiuno n'kumusisita pamsana kawiri, monga amachitira ndi diresi la mkwatibwi akamaliza kusita.

Masitepe okwerera pa nsanja anali asanu. Anawakwera chammbali, manja onse pa chitsulo chogwirira, sitepe iliyonse akuitana Mulungu ndi dzina latsopano. Holo inali yodzaza mpaka m'mawindo. Amuna a m'jimu yake anakhala mzere woyamba, atavala malaya othina, akuliza mawezulo. Wolengeza atatchula dzina lake, malata a denga ananjenjemera. Kenako mkulu wa oweruza, bambo wa magalasi ndi cholembera kukhutu, anaweramira pa chimkuzamawu.

"Nambala folo, thaulo."

Thaulo linagwa.

Munali zii, moti munthu akanamva ntchentche ikutera pa mafuta. Anthu anayang'ana kumtunda, n'kutsika ndi maso, n'kukweranso kukatsimikiza ngati ndi munthu mmodzi yemweyo. Kenako mayi wina chakumbuyo anafunsa mnzake ndi mawu a chisoni chenicheni: "Kodi miyendo yeniyeni waisiya kunyumba?" Wina anangoti, "Kakowa." Apo ndiye holo inasweka. Anthu anaseka mpaka kugwirana, ena kupukuta misozi ndi malaya a anzawo. Wezulo wa wometa anagwa pakamwa.

Chitseko anaima pamenepo. Anadikira kuti afe. Anawerenga chamumtima mpaka khumi n'kupeza kuti akupumabe. Anapezanso china: ululu wa m'ntchafu unali utadzaza thupi lonse, moti manyazi atafika anasowa pokhala. Kuthawa kunali kosatheka, munthu sathawa ndi miyendo yotero. Ndiye oweruza ataitana kuti onse aonetse mikono, anangochita chimene ankachidziwa. Anaikweza.

Phokoso linasintha. Hamala, pampu ndi madiramu a zaka zonse zija zinatulukira pansi pa magetsi, mitsempha ikuyenda ngati mizu ya mtengo. Wophika buledi anasuzumira chammbali, n'kuyang'ana mikono yake, n'kuitsitsa pang'ono. Atauzidwa kuti atembenuke, zinamutengera nthawi, poti ankasuntha phazi limodzilimodzi ngati akusuntha filiji. Koma msana utatambasuka ngati tenti ya lole, mayi yemwe uja anamveka akunena kuti, "Koma kumtundaku Mulungu anachita kukhalira pansi." Anthu anawomba m'manja zenizeni.

"Tsopano ntchafu," anatero mkulu wa oweruza. "Mwendo wamanja patsogolo. Limbitsani."

Chitseko anautulutsa mwendowo n'kuulamula kuti ulimbe. Mwendo unayamba kunjenjemera. Osati pang'ono ayi. Unagwedezeka ngati singano ya makina osokera, chidendene chikugogoda thabwa. Anauyang'ana mwaukali monga amayang'anira munthu wochedwa ku jimu, koma sunamve. Anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira kugogodako, woseweretsa nyimbo naye anakweza zoimbira zake, ndipo msilikali wopuma uja anaseka mpaka mimba imene anaipanira kuyambira m'mawa inamasuka.

Chikho chinapita kwa wophika buledi. Msilikali anakhala wachiwiri. Chitseko anakhala wachitatu, kuposa mphunzitsi wa masewero, amene analumbira kuti akadandaula ku likulu. Pomuveka mendulo, mkulu wa oweruza anamunong'oneza, osadziwa kuti chimkuzamawu chikadali choyatsa: "Bambo, kuyambira m'chiuno kupita kumwamba sindinaonepo wotere zaka zanga zonse. Chaka chamawa mudzabwere ndi theka linalo."

Kukwera masitepe ndi ntchafu zotere n'kovuta, koma kutsika n'kosatheka. Anaima pamwamba pake akuyang'ana pansi ngati ng'ombe pa dibi, mpaka wophika buledi ndi msilikali anamugwira m'khwapa uku ndi uku n'kumutsitsa, miyendo ili lendelende m'malere, atatu onse akuterereka ndi mafuta. Atafika pansi anayang'ana mzere woyamba. Mipando ya amuna a m'jimu yake inali yopanda anthu. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsala kuti amugwire chanza.

Lamulungu anagona chagada tsiku lonse, mkazi wake akumuthowa ndi madzi otentha. Mlamu anabwera kudzazonda wodwala, atanyamula nthochi ndi nkhani yoti kumsika ana ayamba kale kuyenda chokweza maondo akamaona galimoto yake. Atachoka, Chitseko anayang'ana kudenga.

"Amuna a m'jimu aja sabweranso," anatero. "Ndawachititsa manyazi pamaso pa akazi awo. Mawa ndiitana ogula zitsulo zakutha adzatenge zonse zili m'kashedi muja."

"Tembenukani ndithowe inayo," anayankha mkazi wake. "Za ogula zitsulo mudzaziganize 5 koloko itadutsa."

Lolemba pa galaja panabwera makasitomala ambiri kuposa tsiku lina lililonse m'chaka. Ambiri mwa iwo matayala awo analibe vuto. Ankangoti mutandionerako mpweya, maso ali pa thalauza lake. Chitseko anawaonera onse, osakweza mutu. Itakwana 5 koloko anatsuka m'manja, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kuseri, n'kudzitsitsa pa tayala la lole atagwira nsanamira.

Panalibe munthu. Anamva malole akudutsa pamsewu, ndi azimayi akubwerera kumsika. Mphindi khumi zinatha, kenako makumi awiri. Anayamba kuwerenga zitsulo ndi maso kuti aone ngati zingakwane ulendo umodzi m'galimoto ya mlamu wake.

Cha m'ma hafu pasiti anamva mapazi. Analowa onse asanu ndi anayi pamodzi, mondondozana, ngati anthu odzapepesa maliro. Anaima m'mbali mwa malata. Wabutchala ankayang'ana kudenga. Wometa ankaluma mlomo. Wina chakumbuyo anatulutsa kaphokoso m'mphuno n'kukasandutsa chifuwa.

"Munathawa," anatero Chitseko.

Wometa anakanda m'mutu. "Sikuti tinathawa kwenikweni. Anthu anayamba kutifunsa mafunso."

"Mafunso anji?"

"Ankati popeza timanyamulira kumodzi, nafenso tipinde mathalauza aone."

"Ndiye munapinda?"

 Chitseko anawayang'ana mmodzimmodzi, kuyambira m'mapewa otambasuka aja kutsika mpaka ku mathalauza aatali, otakasuka, ofika pa nsapato, m'nyengo yotentha ngati imeneyo. Anagwira nsanamira n'kudzikoka mpaka ataimirira.

"Pindani."

"Pano?"

"Pano. Mpaka m'maondo. Nonse."

Anayang'anana. Anayamba ndi wabutchala, mwamuna woti amanyamula theka la ng'ombe paphewa limodzi. Anawerama, n'kupinda, ndipo panatuluka msongolo wotuwa ngati nzimbe ya chilala. Wometa anatsatira ndi timiyendo tonga zogwirira za sizasi yake. Ya mlonda inali yowonda kuposa chibonga chimene amalondera nacho. Amuna asanu ndi anayi, miyendo 18, ndipo panalibe ndi umodzi womwe woti galu angaulume n'kukhuta.

Anayamba kuseka ndi mlonda, akuloza wabutchala. Wabutchala analoza wometa. Wometa anafuna kuloza wina koma anapeza kuti aliyense walozedwa kale. Chitseko anayesa kusunga nkhope yaukali, koma zinamukanika, ndipo anaseka mpaka ntchafu zinamukoka n'kumubwezera pa tayala paja ndi mphamvu.

Phokoso litatsika, wometa anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye titani, Kochi?"

 Chitseko analola kuti mawu akuti Kochi akhale kaye m'khutu mwake.

"Lero ndi miyendo," anatero. "Chitsulo chopanda madiramu, khumikhumi basi. Wopitirira pamenepo, Lachitatu m'mawa asadzanditumizire uthenga ali kuchimbudzi."